Nkhondo za mavampaya m'mizinda: The Strain, Joe Pitt kapena Dresden Files?

Mabuku ambiri amene pachikuto pake amalonjeza nkhondo ya mavampaya (zilombo za m'nthano zoyamwa magazi a anthu) amagwiritsa mwala munthu wofunadi nkhondo. Ena mukawatsegula mupeza zachikondi zokhazokha, ena nkhondoyo imangomveka pakamwa pa ampangankhani pomwe ikuchitikira kutali. Mwa amene amasunga lonjezo, mindandanda itatu ndiyo yoyenera kuiika pamodzi: The Strain ya Guillermo del Toro ndi Chuck Hogan, mabuku a Joe Pitt olembedwa ndi Charlie Huston, ndi Dresden Files ya Jim Butcher. Yonse ili m'Chingerezi ndipo nkhani zake zikuchitikira m'mizinda ya ku America. Imasiyana pa chimene akulimbirana, pa mmene vampaya amafera, komanso pa kuchuluka kwa mabuku oti muwerenge nkhondo isanafike pampondachimera.

The Strain ndiyo yosavuta kulowamo. Ndi mabuku atatu okha: The Strain la 2009, The Fall la 2010 ndi The Night Eternal la 2011. Ndege ya Boeing 777 yochokera ku Berlin ikutera pa bwalo la JFK ku New York, kenaka magetsi onse akuzima ndipo m'katimo simukumveka mawu. Pafupifupi onse afa, atsala anayi, ndipo m'chipinda cha katundu muli bokosi lalikulu la maliro lodzaza dothi. Amene akutsogolera kafukufuku ndi Dr Ephraim Goodweather wa bungwe loona za miliri la CDC, choncho theka loyamba la buku limayenda ngati nkhani ya mliri: mitembo, zoyeza za kuchipatala, akuluakulu okana kumva. Kumenyana kwenikweni kumachedwa, ndipo wofuna zipolopolo pa tsamba loyamba ayenera kupirira.

Chimene mndandandawu umachita bwino kuposa inzake iwiriyo ndi malamulo a thupi la mdani. Uvampaya umafala ndi tinyongolotsi tokhala m'magazi oyera a wodwalayo. Alibe mano aatali. Ali ndi mbola yotuluka pansi pa lilime, yotha kufika pafupifupi mamita awiri. Chimenechi chimasintha kamenyedwe konse. Sungayandikire ngati ukumenyana ndi munthu, ndipo ukamudula mutu ntchito sinathe, chifukwa magazi akakudonthera tinyongolotsi tija timalowa pakhungu. N'chifukwa chake ampangankhani amanyamula zinthu ziwiri nthawi zonse: siliva wodulira ndi nyali ya kuwala kwa UV, kopezekanso m'kuwala kwa dzuwa, yowotchera zotsalira. Abraham Setrakian, nkhalamba ya shopu ya pinyolo imene inapulumuka ku msasa wa Anazi wophera anthu wa Treblinka, ali ndi lupanga la siliva. Vasiliy Fet, amene ntchito yake ndi kupha makoswe mumzinda, amabweretsa nzeru ina: kutsatira chisa, kuona kumene makoswe akuthawa, kulowa m'njanji za pansi pa nthaka masana. Mavampaya amenewa sangawoloke madzi oyenda popanda wowathandiza, ndipo Manhattan, chigawo cha New York, ndi chilumba, choncho milatho ndi ngalande zimasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Chowawa kwambiri n'chakuti wosandulikayo amabwerera kwa amene ankawakonda ali moyo, mkazi kapena mwana, ndipo mliri umalowa m'nyumba kudzera pa khomo lotsegulidwa ndi chikondi.

Nkhondo ya mavampaya okhaokha imaonekera m'buku lachiwiri, pamene akalekale otchedwa Ancients akuyamba kulimbana ndi mnzawo wopanduka, Master, amene anayambitsa mliriwo, n'kulemba ntchito anyamata a m'magulu a zigawenga monga Gus. Pamenepa ndiye pali mphamvu ya mndandanda wonse. Vuto limabwera m'buku lachitatu. Nkhani imene inamangidwa pa sayansi ya matenda imatembenukira ku chiyambi cha angelo ndi maulosi, ndipo malamulo amene wowerenga anawaphunzira mosamala amayamba kuchepa ntchito. Dziko lake ndi lamdima ndithu, dzuwa likuwala maola ochepa patsiku ndipo anthu akusungidwa m'misasa yokamidwa magazi, koma mathero amadalira kwambiri zozizwa.

Joe Pitt ndi wina. Mabuku ndi asanu, limodzi chaka chilichonse: Already Dead mu 2005, No Dominion mu 2006, Half the Blood of Brooklyn mu 2007, Every Last Drop mu 2008 ndi My Dead Body mu 2009. Mzinda ndi womwewo wa New York, koma apa anthu wamba sadziwa kanthu, ndipo wofotokoza nkhani ndi vampaya mwini wake. Manhattan anagawana magulu. Coalition, gulu lakale ndi lolemera, lili ndi dera loyambira msewu wa 14th Street kukafika 110th Street, ndipo mfundo yake ndi kubisala. Society ya Terry Bird ili kumunsi ku East Village ndipo imalota tsiku lodzadziulula kwa anthu. Hood ili ku Harlem. Enclave ndi gulu lachipembedzo limene limadzimana magazi dala mpaka kufika pafupi ndi imfa, pokhulupirira kuti njalayo idzawasandutsa china. Poyamba Joe sali m'gulu lililonse. Amagwira maganyu auve a uyu ndi uyo, n'kulipidwa ndalama kapena magazi.

Mwa itatuyi, nkhondo ya Huston ndiyo yomangidwa mwanzeru kwambiri, ndipo chifukwa chake ndi masamu a chakudya. Matenda awo amatchedwa Vyrus, ndipo amafuna magazi a munthu wopanda Vyrus pakapita masiku ochepa alionse. Joe amasunga timatumba ta magazi m'furiji yobisika ndipo amawerenga totsala. Akavulala thupi limadzichiza, koma kuchirako kumadya magazi amene anamwa, motero ndewu iliyonse ili ndi mtengo wake wooneka m'furijimo. Tsono wonjezerani chiwerengero cha okhala pachilumba chimodzi amene onse akufuna chakudya chomwecho mosadziwika ndi apolisi. Malire a magulu aja ndi malire a msika wa magazi, ngati mmene ogaya chimanga awiri amalimbiranira mudzi umodzi. Funso lakuti Coalition imapeza kuti magazi okwanira anthu ake onse limayenda pansipansi kuyambira koyambirira, ndipo yankho likatuluka m'buku lachinayi nkhondo ya m'buku lachisanu imakhala yosapeweka. Wolemba sanachite kuikakamiza. Inatuluka yokha m'chuma cha nkhaniyo.

Pa kaphedwe, Huston anataya zambiri zakale. Adyo, mtanda ndi madzi odalitsidwa sizigwira ntchito. Dzuwa limatulutsa zotupa zoopsa pathupi m'kanthawi kochepa. Kupatula apo, mfuti, mpeni ndi chitsulo zimakwanira ngati wawononga mutu kapena wakhetsa magazi ochuluka kuposa amene Vyrus ingabwezeretse. Ndewu zake ndi zazifupi, zapafupi ndi zonyansa, za m'makwalala, m'zipinda za pansi ndi m'sitima. Zipsera sizifufutika zonse: pofika kumapeto Joe wataya ziwalo zina za thupi, ndipo sizimeranso. Mu The Strain mumaopera mzinda. Muno mumaopera thupi la munthu mmodzi, ndi chibwenzi chake Evie, amene ali ndi HIV ndipo sadziwa kuti Joe ndi ndani. Joe akhoza kumuchiza pomupatsa Vyrus, koma akudziwa moyo umene ungatsatire.

Pali zinthu ziwiri zimene zimabweza anthu pa mabuku a Joe Pitt, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu. Choyamba ndi kalembedwe. Huston saika zizindikiro za mawu ogwidwa. Mawu a wolankhula amayamba ndi kamzere, ndipo kawirikawiri sanena kuti walankhula ndani. Mitu yokhala ndi manambala mulibe. Chingerezi chake ndi cha mumsewu, chodzaza zotukwana ndi mawu odulidwa. Njira yothandiza ndi kuwerenga masamba oyambirira pang'onopang'ono mpaka muzolowere kamvekedwe ka aliyense, chifukwa Terry Bird amazungulira polankhula pomwe Dexter Predo wa Coalition amalankhula mwaulemu wozizira, ndipo mukawagwira simusocheranso. Chachiwiri, Joe si munthu wabwino. Amapha anthu, ndipo nkhani simupepesera.

Dresden Files ndiyo yotchuka kwambiri mwa itatuyi, komanso ndiyo imene anthu amaigula molakwitsa akafuna nkhondo ya mavampaya. Harry Dresden ndi wamatsenga wogwira ntchito yofufuza milandu ku Chicago. Buku loyamba, Storm Front, linatuluka mu 2000, ndipo pofika 2020 mabuku aakulu anali 17. Nkhondo ya pakati pa White Council, bungwe la amatsenga, ndi mavampaya a Red Court imayamba kumapeto kwa buku lachitatu, Grave Peril la 2001, n'kutha m'buku la nambala 12, Changes la 2010, ku Chichén Itzá m'dziko la Mexico. Pakati ponsepa Harry amakhala akulimbana ndi adani ena ambiri, ndipo zazikulu za nkhondoyo nthawi zambiri timazimva kwa obwera kuchokera kumene kwamenyedwa. Mu Death Masks muli kumenyana kwa awiri pakati pa Harry ndi Ortega wa Red Court pa bwalo la masewera la Wrigley Field, mu Dead Beat timamva za kuphedwa kwa asilikali ambiri a White Council, koma zimenezi ndi zigawo chabe za mabuku okamba zinanso.

Chimene Butcher amapereka, chomwe enawa alibe, ndi mitundu itatu ya mdani yofuna njira zitatu. A Red Court ndi zilombo zonga mileme zovala khungu la munthu, malovu awo amaledzeretsa, ndipo pofooka pawo ndi pamimba pamene amasunga magazi. A White Court samwa magazi. Amadya chilakolako, mantha kapena kutaya mtima, amakhala ngati anthu olemera wamba, ndipo nkhondo yawo ndi ya ziwembu za m'banja, monga zionekera mu Blood Rites ndi White Night. A Black Court ndi mitembo yowola yoopa adyo ndi zizindikiro za chikhulupiriro, otsala ochepa koma oopsa aliyense payekha. Kumenyana kwake ndi kwakukulu, kwa moto ndi nyumba zogwa, ndipo Changes ikafika imalipira kudikira konse. Koma mtengo wake ndi mabuku pafupifupi khumi, ndipo mdima wake ndi wopepukirapo chifukwa Harry amaseka ngakhale pamavuto. Mabuku awiri oyamba ndi ofookerapo. Kuyambira pa Grave Peril sikutayitsa zambiri. Kudumphira pa Changes ndiko kulakwitsa kwakukulu, popeza kulemera kwa bukuli kuli pa zimene zinachitikira Susan Rodriguez, chibwenzi cha Harry, kuyambira buku lachitatu.

Pa Chingerezi, The Strain ndiyo yomveka msanga ngakhale ili ndi mawu a zachipatala. Dresden ili pakati, koma nthabwala zake zambiri zimadalira mafilimu ndi chikhalidwe cha ku America. Joe Pitt ndiyo yolimba.

Amene sakufuna kudzimangirira ku mndandanda ali ndi Certain Dark Things ya Silvia Moreno-Garcia, buku limodzi lokha la 2016. Likuchitikira ku Mexico City, mzinda woletsa mavampaya kulowa, kunja kwake mabanja a mavampaya akumenyanirana malonda a mankhwala ozunguza bongo. Atl, wa mtundu wakale wa nthawi ya Aaziteki, akuthawa banja la adani limene lapha abale ake, ndipo akuthandizidwa ndi Domingo, mnyamata wotola zinyalala. Nkhondo yake ndi ya kusakana m'makwalala osati ya magulu ankhondo, koma imatha bwino m'buku limodzi. Night Watch ya Sergei Lukyanenko, ya mu 1998 ndipo yochitikira ku Moscow, anthu amaitchula kawirikawiri pa nkhaniyi, koma mavampaya m'menemo ndi gawo laling'ono la mbali ya Mdima yolimbana ndi mbali ya Kuwala, amasaka ndi chilolezo, ndipo kulimbanako ndi kwa mapangano ndi machenjera. Mabuku a Anita Blake a Laurell K. Hamilton ndi a kumenyana ndithu mpaka Obsidian Butterfly, lachisanu ndi chinayi. Kuyambira lakhumi zogonana zimatenga malo aakulu. Black Dagger Brotherhood ya J. R. Ward ili ndi nkhondo, koma buku lililonse mtima wake ndi chibwenzi.

Wofuna kuona mzinda ukugwa, asilikali akulephera ndi anthu wamba akupanga zida, atenge The Strain, akudziwa kuti buku lachiwiri ndilo labwino kwambiri. Wofuna dziko lalikulu loti akhalemo miyezi yambiri, ndipo sadandaula kuti mavampaya asowa kwa buku lathunthu, Dresden imuyenera. Koma pa funso lenileni la nkhondo ya mavampaya okhaokha, yamdima ndi yosapumira, Joe Pitt ndiye wopambana, chifukwa ndi mndandanda wokhawo umene chifukwa chomenyanirana, mtengo wa ndewu iliyonse ndi mathero zimachokera pa lamulo limodzi losasintha. Mabuku ake ndi aafupi kuposa a The Strain, ndipo ayenera kuwerengedwa motsatana. Ngati mukugula akale kwa ogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito ndipo mwangopeza ena, musayambe ndi lachinayi kapena lachisanu. Awiri oyamba angathe kuima paokha, koma atatu otsirizawo ndi nkhani imodzi yopitirira. Pa zitatu zonsezi palibe choyenera ana. Wachinyamata wofuna nkhondo yotere angayambe ndi mabuku 12 a Darren Shan, momwe nkhondo ya mavampaya ndi abale awo otchedwa vampaneze imakula kuyambira buku lachisanu ndi chiwiri, Hunters of the Dusk.