Nimu kapena msangu: tibzale uti kuno ku Chigwa cha Shire?

Aliyense amene wayendapo mumsewu wochoka ku Nchalo kudzera ku Ngabu mpaka ku Bangula akudziwa kuti nimu wafala kwambiri, moti ana ambiri amayesa kuti ndi mtengo wa makolo athu, chikhalirecho unachokera ku India. Chifukwa chimene anthu anaukondera n'chomveka: umakula msanga, chiswe sichiuvutitsa kwenikweni, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, umakhala uli ndi masamba opereka mthunzi pabwalo. Pa ntchito imeneyi msangu sungafanane nawo, chifukwa uli ndi minga ndiponso umachedwa kukwera m'zaka zoyambirira, pamene mphamvu zake zimathera pa muzu wolowa pansi kukafuna madzi.

M'munda zinthu zimatembenuka. Nimu sayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho mapira, mchewere kapena thonje zimene zili pansi pake zimasowa dzuwa, ndipo mizu yake yoyanza imalimbirana chinyezi ndi mbewu. Msangu umachita zosiyana ndi mitengo ina yonse imene timaidziwa: mvula ikayamba umayoyola masamba, amene amawolerana n'kukhala manyowa pa nthawi yomwe mbewu zikuwafuna, ndipo umaphukanso m'chilimwe mbewu zitakololedwa. Mizu yake imawonjezera chonde chofanana ndi chimene timagula mu feteleza wa Urea, ndipo masiku ano thumba limodzi si aliyense angalikwanitse. Maluwa ake amabwera maluwa ena atatha, choncho njuchi zimapeza chakudya, pomwe zipatso zake zopindikapindika zimadyetsa mbuzi ndi ng'ombe msipu utauma.

Nkhani ya madzi osefukira ndiyo imandipangitsa kukondera msangu. Tinaona zimene zinachitika mu 2015, kenako namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, pamene Shire, Ruo ndi Mwanza inadzaza minda. Nimu sakondwa ndi madzi oima nthawi yaitali, pomwe msangu kwawo ndi m'dothi la m'mbali mwa mitsinje, ndipo kusefukira kwa kanthawi suchita nako mantha. Palinso vuto lina: mbalame ndi mileme zimamwaza njere za nimu paliponse, ndipo akadzimerera mothithikana amapanikiza mitengo yachilengedwe.

Za bulugamu sindinena zambiri. Ndi wa ku Australia, amapereka milimo yowongoka, koma mbande zake zimatha ndi chiswe kuno kotentha, ndipo sayenera kubzalidwa pafupi ndi dimba kapena chitsime.

Amene akufuna mthunzi pakhomo koma wa mtengo wakwathu angasankhe bwemba kapena mtondo, ngakhale ayenera kudziwa kuti yonseyi imafuna kuleza mtima kwa zaka zingapo isanayambe kubereka. Kwa ine, nimu mmodzi kapena awiri pabwalo ndi okwanira, ndipo m'munda muyenera msangu. Njere zake n'zolimba khungu, choncho muzikande pang'ono kapena kuziviika m'madzi otentha musanafese, ndipo mbande muziwokere msanga muzu usanapindike m'chubu. Njira yosalira ndalama ndiyo kusiya timisangu todzimerera polima, n'kutitchingira ndi minga, chifukwa mbuzi zikamasulidwa pambuyo pa kukolola zimayambira pomwepo.