Madisiki a mabowo aja pa Hilux yanga, patatha miyezi 14

Alamu anga anandiimbira Lachiwiri usiku kuchokera ku Furancungo. Agula pikapu yakale, mabuleki akulira, ndiye akuti, "Alamu, madisiki munkawatama aja, a mabowo aja, ndikagule omwewo?" Tsiku lomwelo masana ndinali nditalipira 3,500 meticais ku galaja chifukwa cha mabuleki omwewo, lisiti ikadali m'thumba la malaya. Ndinawapempha kuti adikire kaye mtima wanga ukhale pansi. Nditangoika madisikiwa ndinkauza aliyense kuti galimoto yanga yabadwanso, ndipo ndikudziwa anthu awiri amene anakagula chifukwa cha pakamwa panga. N'chifukwa chake yankho la alamuwa ndalilemba poyera.

Galimoto yanga ndi Toyota Hilux ya dizilo ya 2008. Ntchito yake ndi kunyamula mbatatesi, nyemba ndi kabichi kuchokera ku minda ya ku Dómuè ndi ku Tsangano kupita nazo ku msika wa Kwachena ku Tete. Nthawi yokolola ndimatsika kawiri pa sabata. Amene mumaudziwa msewuwu mukudziwa kuti kuchoka ku Ulongué, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, ndi makilomita opitirira 200, ndipo umachoka kumtunda kozizira n'kukafika m'chigwa cha Zambezi kumene mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40. Popita ndiye wadzaza matumba. Injini siimva kanthu potsika, amavutika ndi mabuleki.

Chimene chinandipititsa ku shopu ndi tsiku lina la mu Okutobala. Ndinatsika mitsetse ndili ndi katundu wodzaza, ndipo nditayandikira Moatize thiraki ya kutsogolo kwanga inaima mwadzidzidzi. Ndinaponda buleki, phazi linangolowa ngati ndaponda papaya lakupsa. Ndinapopa kangapo, n'kubweza giya, galimoto inakaima patatsala mpata wosakwana mkono. Nditatuluka m'nkhongono munali mutazizira, fungo la zopserera lili thoo. Sabata yotsatira ndinapita ku shopu ina ya zipangizo za galimoto tsidya la Matundo. Kumeneko mapadi, omwe amapana disiki ukaponda buleki, amawatchula kuti pastilhas, madisiki ndi discos. Mwini shopuyo anandionetsa a mitundu iwiri: madisiki wamba pa 7,500 awiri, ndi ena onyezimira okhala ndi mabowo komanso timizere, pa 14,000. Anati, "Patrão, awa achokera ku South Africa, satentha, mudzaiwala za mabuleki." Ndinatenga amenewo, mapadi olimba a zitsulo pa 4,500, mafuta a mabuleki a DOT 4 pamodzi ndi ntchito yoika 2,500. Zonse 21,000. Anaika ndi anyamata ake omwe, panja pa shopupo, mu Novembala.

Zimene zikuyenda bwino ndizinene mwachidule. Buleki imagwira msanga, phazi likangokhudza. Kufewa kwa pa mitsetse kuja sikunabwererenso ngakhale tsiku limodzi, ngakhale mu Okutobala wathayu amene kunatentha koopsa. Kopimitsa galimoto inadutsa kamodzi n'kamodzi. Tsiku lina bambo wa njinga yonyamula makala anandilowera pafupi ndi Mussacama, ndinaima bwinobwino, ndipo tsiku limenelo ndikanati 21,000 ija inachepa. Mapadiwa amatulutsa fumbi lakuda limene limadetsa malimu, ndipo m'mawa wa mu Juni ku Ulongué amalira kaye mpaka atenthe. Zimenezo sindidandaula nazo.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi kunjenjemera.

Kunayamba mu Febuluwale, nditayenda makilomita pafupifupi 7,000. Poyamba kanali kochepa, ngati foni ikulira m'thumba. Ukaponda buleki uli pa 80, chiwongolero chimagwedezeka pang'ono, ukatsika pa 40 n'kusiya. Patapita masabata awiri chinayamba kugwedeza manja mpaka m'mapewa, chopondera chikubwerera chokha pansi pa phazi. Mayi a kunyumba, amene saona zambiri za galimoto, anandifunsa tili pa mlatho wa Revúbuè kuti, "Bambo, kodi tayala silikufuna kuchoka?" Kuyambira tsiku limenelo ankagwiritsa chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndikangoyamba kuima.

Ndinabwerera ku shopu kuja. Mwini wake anandilandira bwino, sindinama, anandipatsa ndi mpando womwe. Koma atangomva nkhaniyo anati ndine ndinalakwa: ndinalowa m'madzi madisiki ali otentha, ndiye apindika. Inali nthawi ya mvula, ndipo amene amapita ku minda ya ku Dómuè mu Febuluwale sangalumbire kuti sanawoloke madzi, choncho ndinavomera. Nditafunsa za garantia, nthawi imene amalola kubweza katundu akavuta, anatenga lisiti yanga n'kundilozera mawu ang'onoang'ono a m'munsi: miyezi itatu. Inali itadutsa ndi masiku 9. Kenako anandiuza kuti ndisadandaule, ndipite kwa mnzake wa makina opalira zitsulo akawapale. Ndinapita, ndinalipira 2,000. Kunjenjemera kunatheratu, ndinabwerera kumtunda ndikuimba nyimbo.

Mu Meyi kunabwerera monga kale, mwinanso kuposa. Apa ndiye ndinayamba kutaya ndalama m'njira zina. Wina anati ndi matayala, ndinakawalinganiza pa makina, 1,200. Wina anati ndi mabushi ndi tizitsulo ta ku chiwongolero, ndinasintha, 4,000. Galimoto inkayenda mosalala ndithu ukakhala sukuponda buleki, koma ukangoponda, zomwe zija. Nthawi imeneyo ndinafika poyamba kudana nayo galimotoyo, chinthu chimene chalera ana anga.

Amene anapeza gwero ndi mdala wina wa galaja ku Ulongué kuno, amene wagwira magalimoto kuyambira ine ndili mwana. Mu Ogasiti ndinamusiyira galimoto. Sanafulumire kuneneza chilichonse. Anachotsa tayala, anamanga disiki ndi manati, n'kuika kachida kokhala ngati wotchi, kansonga kake kakukhudza pa disiki, kenako n'kumazunguza ndi dzanja. Muvi wa kawotchiko unkavina uku ndi uku. Anati pa galimoto ngati imeneyi kupendama kwa disiki kusamapitirire 0.05 ya milimita, ndipo yanga ya kumanja inali itapitirira kawiri n'kuposa. Atachotsa disikiyo anandiitana: "Mwana wanga, tabwera udzaone." Pa habu, pomwe disiki imakhalira, panali chigamba cha dzimbiri losakanikirana ndi dothi louma, chokhuthala mbali imodzi. Anyamata a ku shopu aja anangochotsa disiki yakale n'kuvalika yatsopano pamwamba pa dzimbirilo osapala. Wopala zitsulo uja nayenso anapalira disiki pa makina ake, ikabwezedwa pa dzimbiri lomwelo.

Mdalayo anandifotokozera bwino chifukwa chake vutoli silinaoneke tsiku loyamba. Disiki ikakhala mopendama ngakhale pang'ono chabe, ikamazungulira imakhudza padi pamalo amodzi ngakhale usakuponda buleki. Pamalopo pamadyeka pang'onopang'ono, ndipo pakatha makilomita masauzande angapo disiki imakhala yopyapyala pena, yokhuthala pena. Ukaponda, mapadi amalowa n'kutuluka potsatira kusiyanako, ndiye kunjenjemera kuja. Anthu amangoti disiki yapindika, koma nthawi zambiri sikuti yapindika ayi. Anawonjezera kuti manati a tayala akamangidwa ndi paipi yaitali, lina kwambiri lina pang'ono, zimathandizira vuto lomweli, ndipo ndinakumbukira kuti mnyamata uja ankachita kudumphira pa sipanala. Anandichenjezanso za chizolowezi changa: ndikatsika mtsetse wautali n'kuima pa apolisi kapena pa mahampu, phazi ndimalisiya pa buleki, ndiye padi yotentha imasiya chidindo pa disiki.

Anapala mahabu onse awiri ndi burashi ya waya ndi sanipepala mpaka chitsulo chinawala, anamanga manati mopingasa ndi sipanala yoyezera mphamvu. Analipiritsa 1,000 yokha. Kunjenjemera kunachepa ndi theka koma sikunathe, chifukwa madisiki anali atadyeka kale mosiyana. Kupalanso sikukanatheka. Atsopano amakhala mamilimita 25, m'mphepete mwake munadindidwa kuti asatsike kuposa 23, ndipo anga anali atatsala pang'ono kufika pamenepo.

Pali china chimene mdalayo ananena chimene chinandikhala pamtima. Anandifunsa kuti mafuta a mabuleki ndinali nditasintha liti tsiku la ku Moatize lija lisanafike. Chigulireni galimotoyo ndinali ndisanasinthepo, ndinkangowonjezera. Anati mafutawa amayamwa madzi a mu mpweya. A DOT 4 atsopano sawira mpaka madigiri 230, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa 155. Akawira mumalowa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, ndiye phazi limangolowa. Ndiye kuti chimene chinandiopseza tsiku lija, mbali yaikulu, chinali mafuta okalamba, osati madisiki. Ulemu umene ndakhala ndikupereka kwa mabowo aja, wambiri unali wa botolo la mafuta ndi mapadi abwino. Zinandiwawa kumva, chifukwa ndinali nditatsogolera anzanga.

Mabowowo pa misewu yathu ya fumbi ndi matope ali ndi vuto lawolawo. Ndikabwera ku munda nthawi ya mvula amakhala atatsekeka ndi dothi lofiira, likauma limalimba ngati njerwa, ndipo mchenga umakanda disiki mizere yozungulira. Ndimakhala pansi ndi msomali n'kumatokosa limodzilimodzi. Timizere tija natonso timasenga mapadi ngati mpeni. Mapadi a 4,500 aja atha pa makilomita 22,000, pomwe akale ankandifikitsa patali kuposa pamenepo.

Mu Seputembala ndinapitanso ku Matundo, nditanyamula zithunzi za dzimbiri lija pa foni. Ndinkafuna kuti avomere kuti anyamata ake analakwitsa, basi, ndipo tigawane mtengo wa madisiki ena. Anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Kenako anati madisiki opalidwa sangawalandire, chifukwa kampani imene amaitanitsako siibweza katundu amene wakhudzidwa ndi makina. Ndinamukumbutsa kuti amene ananditumiza kokapala ndi iye mwini, dzina la mnzakeyo anachita kundilembera kuseri kwa lisiti. Anati anangondithandiza maganizo. Apo ndinapsa mtima, ndinakweza mawu pamaso pa makasitomala ena, zimene sindichita. Pomaliza anati andipatse disiki imodzi pa theka la mtengo. Imodzi! Madisiki amasinthidwa awiri nthawi imodzi, kupanda kutero galimoto imakokera mbali, ndipo iye akudziwa zimenezo kuposa ine. Ndinatuluka osatenga kanthu. Patatha sabata ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti mapadi atsopano afika, andichotsera 500. Sindinayankhe.

Lisiti ya Lachiwiri ija ndi ya mapadi wamba ndi ntchito yake, kwa mdala yemwe uja. Pochotsa akale anapukuta disiki ya kumanzere n'kundionetsa timing'alu titatu, tating'ono ngati tsitsi, tochokera m'mabowo kulowera kunja. Anati chitsulo chikamatentha ndi kuzizira mobwerezabwereza, mng'alu umayambira pa bowo, ndipo ukadzafika m'mphepete kapena kulumikiza mabowo awiri galimoto isadzayendenso. Wandipatsa mpaka mvula ithe, ndiziyendera giya yachitatu kapena yachiwiri pa mitsetse, ndisadzazenso mpaka pamwamba.

Ndikawonkhetsa zonse, mabuleki akutsogolowa andidyera 32,700 pa miyezi 14, ndipo ndikufunikabe madisiki ena. Ndikanagula wamba aja, mapadi olimba omwewo ndi mafuta, zikanakwana 14,500. Masiku ena, ndikakumbukira bambo wa makala uja akutsika pa njinga yake ali wamoyo, ndimati ndalama zimabwera n'kupita. Masiku ena, monga Lachiwiri, ndimawerenga matumba a mbatatesi amene apita pa chigamba cha dzimbiri chimene mnyamata akanachipala mphindi zisanu, ndipo tulo sitibwera. Madisikiwo pawokha sindingawanene kuti ndi achinyengo, amagwira. Koma sanapangidwire galimoto yolowa m'minda, ndipo wogulitsayo anadziwa ntchito yanga chifukwa ndinamufotokozera ndisanalipire.

Lachitatu m'mawa ndinawaimbira alamu aja. Ndinati, "Alamu, gulani madisiki opanda mabowo, mapadi abwino, mafuta muwakhuthule onse muike atsopano. Poika mukaime pomwepo, muone ndi maso anu kuti habu aipala mpaka kuwala, ndipo lisiti muiwerenge mpaka m'munsi musanatulutse ndalama." Anafunsa ngati akagule ku shopu yomwe ija. Ndinawauza kuti abwere Loweruka, tikwere limodzi kudzera pa Calómuè tikafunse mitengo ku Dedza, popeza inenso ndikufuna awiri anga.