Wokonza mawailesi mumsika wa Limbe

Wailesi ya Nzeru ya malemu bambo anga inakhala m'sutikesi zaka zambiri, yosalira. Ndinapita nayo kwa akulu ena okonza mawailesi mumsika wa Limbe. Anaitsegula mosamala, napeza kuti mabatire akale anadontha n'kudya mawaya. Anati sabata imodzi, koma ndinadikira zitatu, foni osayankha. Zimenezo zinandiwawa kwambiri.

Tsiku lomwe inalira, ndinawaona bambo ali pakhonde kwathu ku Ntcheu, akumvera Nkhani za M'maboma, ine kamwana nditakhala pamphasa ndikusenda mtedza. Misozi inangotsika pomwepo, anthu akuona. Kabatani kosinthira siteshoni kanatha mbali imodzi, koma akuluwo anakana kukachotsa, amvekere apa m'pamene pankagwira chala cha bambo anu. Mwezi wamawa ndiwatengera wotchi ya amayi.