Miyezi 10 ndikutsuka ndekha filimu ya black and white kuno ku Zomba

Filimu yoyamba ndinatsuka mu Epulo chaka chatha, pano tili mu Febuluwale ndipo ndafika pa marolo 27, ndiye ndadutsa nayo nyengo yozizira, yafumbi, yotentha komanso yamvula. Chomwe ndaona nchoti kamera si nkhani kwenikweni, nkhani yagona pa madzi.

Kamerayo ndi Pentax K1000 yomwe anasiya malemu amalume anga, iwowo ankayenda nayo pa njinga kujambula maukwati ndi ana asukulu. Ndi yachitsulo, batire lake LR44 ndi la mita yoyezera kuwala basi, shata imagwira ngakhale batire lithe. Chokhacho chomwe ndinakonza ndi kasiponji kakuda ka pachitseko chakumbuyo, kanali katasungunuka ngati phula chifukwa cha ukalamba ndipo rolo yoyamba inapsa m'mbali. Chisinthireni sinandivutepo.

Filimu ndimagwiritsa kwambiri Ilford HP5 Plus, ya 400 (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala), nthawi zina Kentmere 400 thumba likapepuka. Achemwali anga ali ku Johannesburg ndi omwe amandigulira nkupatsira anthu obwera pa basi, ikafika ndimaisunga mufiriji. Mankhwala otsukira ndinasankha Rodinal ndipo pamenepa sindinalakwitse. Mankhwalawa ndi akale zedi, a 1891, ndi amadzimadzi ndipo sachedwa kusakaniza, 6ml mu 300ml ya madzi kutsuka rolo imodzi nkutaya. Botolo langa la 500ml pano lada ngati tiyi wopanda mkaka koma mphamvu ndi yomweija. Mankhwala ena aufa aja ukangowasungunula amafuna uwamalize pasanathe miyezi 6, kwa ife odikira katundu wa pa basi zimenezo sizingatheke. Rodinal amaonetsa timchengamchenga pachithunzi, ena satikonda, ine ndimatikonda makamaka pa makoma a nyumba zakale za kuno ndi pa nkhope za akuluakulu.

Tsopano za madzi zija. HP5 mu Rodinal wa 1+50, kutanthauza 6ml mu 300ml muja, imafuna mphindi 11 madzi akakhala pa madigiri 20. Mu Juni ndi Julayi zinali zophweka, madzi a pampopi m'mawa ankangokhala chapomwepo. Kufika Okutobala thermometer ikuwerenga 27, ine osalabadira, ndinatsuka marolo awiri a chinkhoswe cha msuweni wanga mphindi 11 zomwezo, manegetivi anatuluka akuda bii, malaya oyera onse opanda mzere ngakhale umodzi, ndipo zinandiwawa chifukwa chinkhoswe sachita kawiri. Madzi akatentha mankhwala amathamanga, pa digiri iliyonse umayenera kuchotsako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi. Ayezi amathandiza koma magetsi akazima tsiku lonse ayeziyo umupeza kuti. Chomwe chinandipulumutsa ndi mtsuko wa amayi, ndimathiramo madzi madzulo, pofika 4 koloko m'mawa amakhala atatsika pa 22, ndiye ndimatsuka mphindi 9. Ndipo madzi onse, a fixer (mankhwala okhazikitsa chithunzi kuti kuwala kusachiononge) ndi otsukuluzira omwe, azichokera mumtsuko womwewo, osati uku ozizira uku otentha.

Potsukuluza sinditsegula mpopi kuti uzingotayika, ndimatsata njira ya Ilford: kudzaza thanki yotsukiramo filimu nkuitembenuza ka 5, kutaya, ka 10, kutaya, kenako ka 20. Omaliza ndimathira madzi a distilled aja amagulitsa othira m'mabatire agalimoto, onetsetsani kuti si a asidi, pamodzi ndi kadontho ka wetting agent, mankhwala oletsa madzi kusiya madontho pa filimu. Fixer wotha ntchito musamataye kudimba kapena pafupi ndi chitsime chonde, mumakhala siliva.

Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala ndi mdani wina, likamatirira pa filimu yonyowa silichokanso. Ndimathira madzi otentha pansi kubafa, kutseka chitseko ndi windo, kudikira nthunzi itsike kenako kupachika ndi mapegi, wina pamwamba wina pansi, osalowamonso mpaka maola atatu. Mvula itayamba vuto linasintha, manja kutuluka thukuta m'chikwama chakuda chogwiriramo filimu mumdima, filimu kumata osafuna kulowa pa reel, chozengerapo filimu cha m'thanki, ukaikakamiza imapindika nkusiya tizipsera tonga mwezi watsopano. Pano chikwamacho ndinachisiya, ndimalowetsa usiku kuchipinda nditakhoma bulangete pawindo, reel youma gwaa, makona a filimu nditawadula pang'ono.

China chomwe ndachedwa kuchidziwa ndi dzuwa lathuli ndi khungu lathu. Munthu akaima masana kumbuyo kwake kuli khoma loyera kapena thambo, mita imanamizika, nkhope imatuluka yakuda yopanda maso. Ndiye HP5 ndimaiika pa 200 mmalo mwa 400, kuwala ndimayezera pamthunzi, potsuka nkuchotsako nthawi pang'ono kuti zoyera zisapse. Kusiyana kwake nkwakukulu, khungu limatuluka losalala mpaka kuoneka kuwala kwa pachipumi.

Zodula ndi zodula, sindinama, rolo ya zithunzi 36 ndimakhala nayo pafupifupi milungu iwiri ndipo amene akufuna zithunzi zambiri mwachangu angokhala pa foni. Enlarger, makina oikira chithunzi cha pa negetivi papepala, ndilibe, manegetivi ndimawajambulanso ndi kamera ya digito pamwamba pa kuwala nkuwatembenuza pa kompyuta, ndipo mbali imeneyi siinandikhutitse mpaka pano, ndikufunitsitsa nditadzatsuka papepala lenileni.

Pa Khisimisi ndinajambula agogo akusenda chinangwa pakhonde kumudzi, rolo ya nambala 23, ndinaprintitsa chimodzi chachikulu nkuwapititsira. Anachiyang'ana nthawi yaitali kenako anafunsa kuti mwakatsukitsa kuti poti ma studio aja anasiya kale zimenezi. Nditawauza kuti ndatsuka ndekha ndi madzi a mumtsuko, pa kamera ya mwana wawo, anandituma ndikatenge nsalu yawo yatsopano kuti ndiwajambulenso ataima.