Chithunzi cha Jeanne cha Modigliani pa kanvasi: nyenyezi 4 mwa 5

Ndakhala nacho miyezi itatu tsopano pakhoma la pabalaza ndiye ndati ndilembeko, chifukwa ndisanagule ndinasakasaka ndemanga koma zonse zinali zongoti chafika bwino zikomo, basi.

Chomwe ndinaoda ndi kope la chithunzi chija Amedeo Modigliani anajambula wachikondi wake Jeanne Hébuterne atavala juzi yachikasu. Chenichenicho chili ku nyumba yoonetsera zaluso ya Guggenheim ku New York, changachi nchosindikiza pa kanvasi, masentimita 50 kwa 70, chokhomerera kale pa felemu yamatabwa. Ine ndimakhala ku Leeds ndipo chinafika patatha sabata, chokulunga bwinobwino, makona onse atatchinga ndi katoni.

Modigliani ndinamudziwira pa chionetsero cha ntchito zake ku Tate Modern ku London kumayambiriro kwa 2018, mnzanga wa kuntchito ndi amene anachita kundikoka. Mu chipinda china munali mitu yosema pamwala, nkhope zazitali, mphuno zowongoka ngati zasongoledwa ndi mpeni, ine ndinangoima njii mtima uli kumudzi ku Dedza kukumbuka zigoba za Gule. Zomwe iye ankaona ku Paris sizinali zakwathu ayi, zinali za kumadzulo ndi pakati pa Africa, komabe ukaona nkhope ya Jeanne umadziwa kuti dzanja lomwe linagwira bulashi linayamba lagwira chisulo. Anasema kwa zaka ngati zisanu chikumanireni ndi katswiri wosema ziboliboli Brancusi mu 1909, kenaka nkubwerera ku penti.

Pa kanvasi yangayi zimenezi zatuluka bwino kwambiri. Khosi lalitali lopindika, mutu wopendekeka pang'ono, mapewa otsetsereka, maso obiriwira ngati thambo opanda kamwana mkati. Ndinkaopa kuti chikasucho chibwera chowala ngati cha pa sikirini ya foni koma ayi, nchakuya ndithu chopita ku dothi, ndipo dzuwa la madzulo likalowa pawindo nkhope ija imachita ngati yafunda. Azakhali anga atabwera kudzacheza anachiyang'ana nthawi yaitali kenaka akuti, "Mwanawe, mtsikanayu akudandaula chani?" Sanafunse za khosi ngati mmene amafunsira ena onse, iwo anaona chisoni basi, ndiye ndinakhala pansi nkuwafotokozera.

Modigliani anabadwira ku Livorno ku Italy mu 1884, anapita ku Paris mu 1906, moyo wake wonse chifuwa chikumusautsa, umphawi, mowa, zojambula zina ankangosinthanitsa ndi chakudya. Chionetsero cha iye yekha chinachitika kamodzi kokha ali moyo, mu 1917 kwa mayi wogulitsa zojambula Berthe Weill, ndipo apolisi analowererapo chifukwa cha zithunzi za azimayi osavala. Anamwalira pa 24 Januwale 1920 ndi TB yomwe inakwera kumutu ali ndi zaka 35, ndipo pasanathe masiku awiri Jeanne, wa zaka 21 zokha, ali woyembekezera mwana wachiwiri, anadziponya pawindo kunyumba kwa makolo ake. Anasiya kamwana kakakazi ka chaka chimodzi. Azakhali anangoti "mayo ine" nkugwira pakamwa. Ndiye mu 2015 chithunzi chake china chinagulidwa madola 170 miliyoni ku New York, zimandiwawa ndikaganiza kuti munthu yemweyo ankasowa ndalama ya lendi.

Tsopano chomwe ndachotsera nyenyezi imodzi. Kuti chithunzi chikwane pa saizi yawoyo ogulitsawo achidula mmunsi, komanso mbali ina yapindikira kuseri kwa felemu, moti manja a Jeanne omwe anawasanjikiza pamiyendo atsala pamphepete penipeni, zala zina kulibe. Kwa wina nkanthu kakang'ono koma kwa ine manjawo ndi amene amakhazika thupi lonselo pansi, popanda iwo munthuyo akuoneka ngati akuyandama. Pa chithunzi chotsatsira malonda manja anali athunthu. Ndinawalembera imelo, anayankha mwaulemu patatha masiku awiri nkundibwezera kandalama pang'ono, koma zosindikizanso anakana ati makina awo amadula choncho. Chinanso, mukachiyandikira kwambiri nchosalala, mabulashi aja amangooneka koma simungawamve ndi chala, ndiye chipachikeni poti anthu azichionera chapatali. Kachingwe kopachikira kanali kofooka, ndinagula waya wanga.

Ngati mukufuna kugula, afunseni kaye akutumizireni chithunzi cha mmene chidzaonekere akachidula musanalipire, kapena sankhani cha pepala chokhala ndi malire oyera mukaikitse felemu nokha. Ine ndikusunga ndalama kuti ndiode chachiwiri cha pepalacho, chomwechi cha juzi yachikasu, chakanvasichi azakhali apempha kale kuti adzapite nacho.