GA, PSO, DE kapena nyerere: kusankha njira yokonzera netiweki ya ad hoc

Pa netiweki ya ad hoc palibe nsanja kapena rauta yapakati. Chipangizo chilichonse chimatumiza mapaketi ake (tizidutswa ta deta) n'kumapatsiranso a anzake, ndipo zipangizozo zikamayenda njira zimaduka pafupipafupi. OLSR, yomwe ndi protocol (malamulo opezera njira za mapaketi), imabwera ndi manambala ake oyambira: uthenga wa HELLO wodziwitsana ndi zipangizo zoyandikana masekondi 2 aliwonse, wa TC wofalitsa mmene netiweki yalumikizirana masekondi 5 aliwonse, ndipo mnzake akakhala chete masekondi 6 amamuyesa kuti wachoka. AODV, protocol ina yotero, imataya njira imene yakhala masekondi 3 osagwiritsidwa ntchito. Manambalawa sangakwanire paliponse. Mukafupikitsa nthawi ya HELLO, kuduka kwa njira kumadziwika msanga koma mauthenga oyendetsera amadya malo a deta. Mukaitalikitsa, mapaketi amangotumizidwa kwa chipangizo chomwe chinachoka kale.

Choyamba kudziwa n'chakuti njira zinayi zokonzera netiwekizi (GA, PSO, DE ndi ya nyerere) sizigwira ntchito pamalo amodzi. GA (genetic algorithm), PSO (particle swarm optimization) ndi DE (differential evolution) zimayenda pa kompyuta yanu pamodzi ndi simulator, pulogalamu yoyerekezera netiweki, monga ns-3 kapena OMNeT++, ndipo zikapeza manambala abwino inu mumawalowetsa m'zipangizo. Njira ya nyerere, yotsanzira mmene nyerere zimapezera njira yopita ku chakudya, imakhala mkati mwa netiweki yeniyeniyo.

Genetic algorithm, yomwe John Holland anaiyala maziko ake, imasunga gulu la mayankho, kusankha olimba, kuwakweranitsa ndi kusinthako pang'ono mwa mwayi. Mphamvu yake ili pa zosankha zosagawika: chipangizo chiti chitsogolere gulu, kapena willingness ya OLSR (kudzipereka kwa chipangizo popatsira mapaketi a anzake) ikhale pati pakati pa 0 ndi 7. Poyambira pabwino ndi gulu la 30 mpaka 50, kukweranitsa pa 0.9, ndi mwayi wosintha wa 1 kugawa ndi chiwerengero cha majini (tizigawo ta yankho). Vuto limabuka yankho likakhala njira yathunthu. Mukadula njira ziwiri n'kuzilumikiza, mwana amatha kudutsa chipangizo chimodzi kawiri kapena kulumpha pomwe siginecha sifika, choncho dulani pokhapo pomwe makolo onse ali ndi chipangizo chofanana, kenako chotsani zozungulira.

PSO ya Kennedy ndi Eberhart, ya mu 1995, ndi yosavuta kulemba ndipo imafika msanga pa yankho labwinoko ngati mukusaka manambala ogawika monga masekondi kapena mphamvu ya wailesi. Ambiri amayamba ndi timbewu (mayankho oyendayenda posaka) 20 mpaka 40, inertia (kupitiriza ndi liwiro lakale) ya 0.729, ndi zokoka ziwiri za 1.494 zokokera kambewu ku yankho lake labwino ndi ku la gulu lonse. Kufulumira komweko ndiko kumapweteka: gulu lonse limathamangira kwa kamodzi komwe kachita bwino poyamba, kusaka n'kuthera pomwepo. Manambala athunthu imawavutikiranso, chifukwa 3.2 ndi 3.4 zonse zimasanduka 3 ndipo kambewu kamayenda osaona kusintha.

Differential evolution ya Storn ndi Price ili ndi zopotokola zochepa: F (chochulukitsira sitepe) pafupi ndi 0.5, CR (mwayi wokweranitsa) pafupi ndi 0.9, ndi gulu lokwana ka 10 kuchulukitsa manambala omwe mukusaka. Pokonza nthawi za OLSR kapena AODV, ine ndingayambe ndi imeneyi, chifukwa kukula kwa sitepe yake kumachokera pa kusiyana kwa mayankho omwe alipo ndipo kumachepa kokha gulu likamayandikana. Musasake nthawi ya HELLO ndi nthawi yodikira mnzanu ngati zinthu zosagwirizana. Ikatsika yodikirayo kuposa ya HELLO, anzanu amafufutidwa uthenga wotsatira usanafike. Sakani kuti yodikira ikhale kangati kuchulukitsa ya HELLO.

Za nyerere n'zina. AntHocNet, yochokera pa maganizo a Marco Dorigo ndipo yopangidwa ndi Di Caro, Ducatelle ndi Gambardella, imatumiza timapaketi tofufuza pamene kulumikizana kukuyamba, n'kumatumizanso tina kulumikizanako kuli mkati. Timeneti timasiya chizindikiro cha ubwino wa njira m'matebulo, ndipo deta imagawidwa m'njira zingapo molingana ndi chizindikirocho. Njira imodzi ikaduka ina imakhala ilipo kale. Mtengo wake ndi mauthenga owonjezera, komanso mapaketi ofika mosatsatana, zomwe TCP, protocol yoonetsetsa kuti deta yafika yonse, imaziyesa kutayika n'kuchepetsa liwiro. Pamafunikanso kusintha protocol m'chipangizo chilichonse.

Koma chimene chimagwetsa ntchito zambiri si algorithm ayi, ndi muyeso. Mukaphatikiza mapaketi ofika, kuchedwa ndi batire kukhala nambala imodzi, kusakako kumapeza chinyengo: kuchedwa kumaoneka kochepa chifukwa mapaketi a kutali onse atayika ndipo ofika ndi apafupi okha. NSGA-II ya Kalyanmoy Deb ndi anzake, ya mu 2002, imasiya zolingazo padera n'kukupatsani mndandanda wa mayankho omwe palibe loposa linzake pa zonse. Ngati batire ndi kufika kwa mapaketi zikukokana, tengani imeneyi m'malo mongopeka kulemera kwa cholinga chilichonse.

Chachiwiri ndi mwayi. Manambala omwewo amapereka zotsatira zosiyana seed (nambala yoyambira zochitika za mwayi mu simulator) ikasintha, ndipo yankho lomwe linangogwera kayendedwe kofewa limakhazikika ngati lopambana. PSO imalisunga m'chikumbumtima chake, GA imaliteteza ngati losankhika, DE imakana kulichotsa. Mankhwala ake ndi kuyesa yankho lililonse pa ma seed angapo, koma werengerani kaye: gulu la 30 kwa mibadwo 50 ndi mayeso 1,500, pa ma seed 10 ndi 15,000, lililonse likatenga mphindi 2, ndi maola 500 pa core imodzi ya purosesa. Gawani ntchitoyo pa ma core ambiri, yesani mayankho onse a m'badwo umodzi pa ma seed ofanana, ndipo asintheni m'badwo wotsatira.

Samalaninso ndi random waypoint, kayendedwe ka mu simulator komwe chipangizo chilichonse chimasankha mwa mwayi kopita ndi liwiro lake. Liwiro lotsika mukaliika pa 0, zipangizo zimatsekeredwa m'maulendo apang'onopang'ono ndipo liwiro la gulu lonse limatsikiratsikira, kotero mumakonzera netiweki yomwe yatsala pang'ono kuima. Liikeni pamwamba pa 0, tayani masekondi oyambirira, ndipo yankho lomaliza muliyese pa mapu, liwiro ndi chiwerengero cha zipangizo zomwe kusakako sikunaonepo, pambali pa manambala oyambira a protocol yomweyo.