Kabuku ka PDF, tsamba limodzi, kapena maphunziro a pa imelo: ndi mphatso iti imene imabweretsa owerenga enieni?

Munthu sapereka adiresi yake ya imelo popanda chomwe akupezapo, n'chifukwa chake amalonda ambiri a pa intaneti amaika chinthu chaulere choti munthu atsitse akalembetsa kuti azilandira maimelo awo. Mphatso zofala ndi zitatu, ndipo ndiziyerekeza potengera mlangizi amene amaphunzitsa anthu kuweta nkhuku za nyama ndipo akufuna kudzagulitsa maphunziro ake kwa olembetsawo.

Kabuku ka PDF ndiko kamakopa anthu ambiri poyamba, chifukwa masamba 40 amaoneka ngati chuma. Koma kabukuka kali ndi zofooka zimene mwini wake amazizindikira mochedwa. Owerenga athu ambiri amawerengera pa foni ndipo amasunga bandulo mosamala, choncho fayilo yodzaza zithunzi amaisiya isanathe kutsika, kapena amaitsitsa n'kuiiwala. Chachiwiri, PDF imayenda yokha: munthu mmodzi akaiponya m'gulu la WhatsApp, anthu mazana amaipeza osalembetsa. Enanso amapereka adiresi yomwe satsegula n'komwe, malinga fayilo aione. Zotsatira zake n'zakuti mndandanda wa olembetsa umatalika, koma oyankha amakhala ochepa.

Tsamba limodzi lothetsa vuto limodzi ndilo ndimaliika patsogolo. Kwa mlangizi wathuyu, likhoza kukhala tebulo la Google Sheets lowerengera ndalama za chakudya cha anapiye 100 pa masabata 6, kapena ndandanda ya masiku operekera katemera wa matenda a chitopa ndi Gumboro. Chinthu chotere chimapangidwa madzulo amodzi, chimatsika msanga ngakhale netiweki ikuvuta, ndipo mlimi amachigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Chofunika kwambiri n'chakuti chimasefa anthu, pakuti wofuna ndandanda ya katemera ndi munthu amene ali kale ndi khola kapena akulimanga, ndipo ameneyo ndiye angadzalipire maphunziro. N'zoona kuti nalonso likhoza kufalikira pa WhatsApp, koma kutaya tsamba limodzi lokhala ndi dzina lanu pansi pake sikupweteka ngati kutaya ntchito ya mwezi wathunthu.

Maphunziro a masiku asanu, imelo imodzi tsiku lililonse, ali ndi mphamvu imene ziwiri zinazo zilibe. Palibe amene angawalandire ndi adiresi yabodza, ndipo wolembetsa amazolowera kuona dzina lanu ndi kutsegula uthenga wanu. Vuto lake ndi lakuti amafuna pulogalamu yotha kutumiza yokha maimelo motsatizana, ndipo apa m'pamene kusankha kampani yotumizira maimelo kumalowera.

Mailchimp, ya ku Atlanta, imene kampani ya Intuit inagula mu 2021, kwa zaka zambiri inkalola olembetsa 2,000 popanda kulipira, koma malirewo inadzawatsitsa kwambiri. Mailchimp, MailerLite ya ku Vilnius, ndi Kit, imene mpaka 2024 inkatchedwa ConvertKit, zonse zimalipiritsa potengera chiwerengero cha olembetsa. Tanthauzo lake n'lakuti aliyense amene anatenga kabuku kanu n'kuzimiririka amakudyerani ndalama mwezi ndi mwezi mukangodutsa malire aulere. Kwa munthu amene ali ku Malawi, kumene ndalama zakunja zimasowa ndipo kulipira madola pa khadi kumavuta, iyi si nkhani yaing'ono. Brevo ya ku Paris, yomwe inkatchedwa Sendinblue mpaka 2023, imawerengera kwambiri maimelo otumizidwa, ndipo imalola maimelo 300 patsiku kwaulere. Malire amenewo ndi okwanira pa maphunziro a masiku asanu, chifukwa anthu amalembetsa masiku osiyanasiyana, koma amapanikiza mukafuna kulengeza chinthu kwa anthu 1,000 nthawi imodzi. Kit inakonzedwera alembi ndi aphunzitsi, ndipo kutumiza fayilo kwa munthu akangotsimikiza adiresi yake ndi chimodzi mwa zinthu zimene imachita bwino. Malire aulere amasintha kawirikawiri, choncho muwerenge tsamba la mitengo tsiku limene mukutsegula akaunti.

Palinso chifukwa china chokondera mphatso yosefa anthu. Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo kwa otumiza maimelo ochuluka: ayenera kutsimikiza adiresi yotumizira kudzera mu SPF, DKIM ndi DMARC (njira zosonyeza kuti imelo yachokeradi kwa wotumizayo), ayenera kulola munthu kudzichotsa pa mndandanda ndi kudina kamodzi, ndipo madandaulo a olandira akuti uthenga ndi spam, kutanthauza uthenga wosafunika, asafike pa 0.3 peresenti. Malamulo okhwima kwambiri amakhudza otumiza maimelo 5,000 patsiku, komabe wamng'ono nayenso akadandauliridwa kwambiri mauthenga ake amagwera m'foda ya spam. Odandaula nthawi zambiri amakhala aja anangofuna kabuku ndipo anaiwala kuti analembetsa. Musadalirenso kwambiri chiwerengero cha otsegula imelo poyeza mphatso zanu, chifukwa kuyambira 2021 pulogalamu ya Mail ya Apple imaonetsa ngati uthenga watsegulidwa ngakhale mwini wake sanauwerenge. Yang'anani odina maulalo ndi oyankha.

Ndikanakhala mlangizi wa nkhuku uja, ndikanayamba ndi ndandanda ya katemera, n'kuitsatiza ndi maimelo atatu ofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo kabuku ndikanakasunga kuti ndidzakagulitse. Pa fomu yolembetsera ndikanalemba momveka kuti munthuyo azilandiranso mauthenga ena, chifukwa ngati muli ndi owerenga ku Britain kapena ku South Africa, malamulo a kumeneko oteteza zinsinsi za anthu, GDPR ndi POPIA, amafuna kuti avomereze zimenezo akudziwa.